Mlandu wa ku Bamako ndi Mpando Umene Udasowa Mwini

Kanema wotchedwa Bamako, amene Abderrahmane Sissako adatulutsa m'chaka cha 2006, akunena za mlandu umene sudazengedwepo m'khoti lililonse la pansi pano. Odandaula ndi anthu a mu Afrika, ndipo oimbidwa mlandu ndi Banki Yaikulu ya Dziko Lonse pamodzi ndi bungwe la IMF. Mlanduwu ukuzengedwa panja, pabwalo la nyumba ya bambo ake a Sissako, m'dera la Hamdallaye mumzinda wa Bamako ku Mali. Oweruza avala mikanjo yawo, maloya akuunjika mapepala, koma pambali pomwepo amayi akunyika nsalu mu utoto, wina akutunga madzi, ndipo ukwati ukamadutsa oweruza amayamba adikira. Ife amene tidakulira pa bwalo la anyakwawa sitingadabwe nazo zimenezi, pakuti kwathu mlandu umakambidwa pamene anthu amakhala.

Kuti owerenga amvetse chimene chikutsutsidwa, nkofunika kufotokoza pang'ono m'mene ngongole zoterezi zimayendera. Dziko likasowa ndalama zakunja, nduna ya zachuma pamodzi ndi mkulu wa banki ya boma amasayina kalata ya malonjezo yopita ku Washington. M'kalatamo mumakhala malire: boma lisabwereke kupitirira apa, malipiro a antchito ake asapyole apa, kampani yakutiyakuti igulitsidwe lisanafike tsiku lakuti. Ndalama sizibwera zonse pakamodzi. Zimabwera m'zigawo, ndipo chigawo chilichonse chimadikira alendo odzaunika ngati malire aja asungidwa. Dziko la Mali lidalowa m'njira imeneyi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980, mu ulamuliro wa Moussa Traoré. Kuyambira 1983 omaliza maphunziro adaleka kulembedwa ntchito m'boma popanda mayeso olowera. Mu Januwale 1994 ndalama ya CFA idatsitsidwa mphamvu ndi theka, ndipo mu 2003 njanji ya pakati pa Dakar ndi Bamako idaperekedwa m'manja mwa kampani, masiteshoni ang'onoang'ono ambiri nkutsekedwa.

Sissako sadalembe mawu onse a pabwalopo. Adaitana maloya enieni, monga William Bourdon ndi Aïssata Tall Sall ku mbali ya odandaula, ndi Roland Rappaport ku mbali ya mabungwe aja, nawalola kulankhula monga amachitira m'khoti. Amalankhula bwino ndithu, mwina mopitirira muyeso. Komabe kanemayu amakhudza mtima kwenikweni pamene mawu atha. Munthu wina amene kale adali mphunzitsi afika poyimira mboni, atchula dzina lake, kenaka angoti duu, nkubwerera kukakhala. Gogo wina, Zegué Bamba, amene pachiyambi adamletsa kulankhula chifukwa nthawi yake idali isanakwane, pomaliza adzuka nayimba dandaulo lake m'chiyankhulo chakwawo, ndipo Sissako akana kutimasulira. Bwalo lonse likhala chete. Wansembe aliyense amene adakhalapo m'kanyumba kolapitsira akuidziwa nthawi yotereyi, pamene munthu wabwera ndi katundu wolemera kuposa mawu amene ali nawo. Apa ndiyenera kuyamikira: zowerengera za chuma zimatha kuyeza malipiro amene boma lapulumutsa pochotsa mphunzitsi, koma kukhala chete kwa mphunzitsiyo kulibe mzere wake m'mabuku awo, ndipo kanemayu wakupatsa malo.

Tsono dandaulo langa ndi ili. Pabwalo limeneli pali mpando umodzi wopanda mwini. Kalata ya malonjezo ija imasayinidwa ndi manja a ana a dziko lomwelo. Obwereketsa akanena kuti boma lichepetse zowononga, nthawi zambiri pamatsala danga losankha pomwe mpeni udule: kodi ndi pa maulendo a nduna ndi magalimoto awo, kapena pa mankhwala a chipatala cha kumudzi? Amene amasankha ndi anthu a mayina, okhala m'maofesi a mumzinda womwewo wa Bamako, ndipo kawirikawiri amadula kumene kulibe wofuula. Nkhani ya ziphuphu imatchulidwa m'kanemamu, zoonadi, koma imabwera ngati chida cha maloya a obwereketsa, ndipo odandaula amaikankha msanga ponena kuti wopereka chiphuphu amachokera kunja. Nduna yakale imene timaiona ndi Aminata Traoré, amene adayang'anirapo unduna wa zachikhalidwe, koma iyeyo wabwera ngati mboni ya odandaula. Palibe nduna ya zachuma imene ikufunsidwa kuti: inu, pamene munkasayina, munkadziwa chiyani, ndipo mudateteza yani? Khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndipo Sissako, posafuna kuswa mkhate wa umodzi wa Afrika, wamsiya khosweyo ali phee.

Wina adzati, kodi si chilungamo kuti kamodzi kokha wamphamvu ndiye aimirire yekha pa mlandu? Funsoli ndilolemera, ndipo sindikulipeputsa. Mabungwe a ku Washington ali ndi nyuzipepala ndi akatswiri owalankhulira chaka chonse. Mlimi wa thonje wa ku Mali alibe. Koma Malembo Oyera amatiphunzitsa kuzenga mlandu wotere mwa njira ina. Mutu 5 wa buku la Nehemiya ukusimba za anthu amene adapereka minda yawo ya mphesa ngati chikole kuti apeze ndalama za msonkho wa mfumu ya ku Persiya, mpaka ana awo kugwa mu ukapolo. Msonkhowo udali wochokera kunja, wolemetsa ndithu. Koma Nehemiya poitanitsa msonkhano waukulu adadzudzula akuluakulu a mtundu wake womwe, amene ankapindula ndi tsoka la abale awo, navomera kuti iyenso ndi abale ake adakongozako anthu ndalama ndi tirigu. Eklezia adatsata mzere womwewo kumapeto kwa 1986, pamene bungwe la Papa la Chilungamo ndi Mtendere, motsogozedwa ndi Kardinala Roger Etchegaray, lidalemba za ngongole za maiko: lidati udindo ndi wa mbali zonse, obwereketsa ndi atsogoleri a maiko obwereka, ngakhale kuti wamphamvu asenze gawo lokulirapo.

Ife a ku Malawi tili ndi chifukwa chathu chofunira kuti mpando uja ukhale ndi mwini. Njala ya 2002 isanafike, bungwe la IMF lidalangiza kuti chimanga chosungidwa m'nkhokwe za boma chichepetsedwe kuti ngongole ya nkhokwezo ibwezedwe. Chimangacho chidagulitsidwa pafupifupi chonse. Anthu atayamba kufa, boma lidaloza alangizi, alangizi adaloza boma, ndipo ansembe a m'maparishi a kumidzi ndiwo ankapita kumanda. Mlandu umenewo ukadazengedwa monga wa ku Bamako, theka la choona likadatsala kunja kwa mpanda.

Ndinene mwachidule za kachigawo kamene Danny Glover ndi anzake amasewera ngati anyamata a mfuti ku Timbuktu: tanthauzo lake ndi loonekeratu, ndipo kanemayu sakadataya kanthu popanda iko.

Chimene chimawombola ntchito yonseyi ndi banja limene likukhala m'nyumba ya pabwalopo. Melé amayimba m'bala usiku. Mwamuna wake Chaka ali pa ulova, mwana wawo akudwala, ndipo ukwati ukutha mwakachetechete pamene maloya akutsutsana panja pa khomo lawo. Tiécoura Traoré, amene akusewera Chaka, adali katswiri wa njanji amene adachotsedwa ntchito chifukwa chotsutsa kugulitsidwa kwa njanji ija, kotero kuti ulova umene tikuuona pankhope pake sadachite kuuphunzira. Chaka saperekapo umboni m'khotimo. Amakhala pambali, akudziphunzitsa Chihebri, poyembekeza kuti tsiku lina ofesi ya kazembe wa Israele idzatsegulidwa ku Bamako ndipo idzafuna mlonda. Bourdon pomaliza apempha kuti Banki ilamulidwe kugwira ntchito yotumikira anthu mpaka muyaya, koma oweruza satulutsa chigamulo chilichonse. Mfuti ina idasowa pabwalopo mlandu uli mkati, ndipo imveka kulira mbandakucha. Mipando ya khoti ichotsedwa, ndipo pabwalo lomwelo anthu asonkhana pa maliro a Chaka.