Mbiri Yolembedwa Chakumtsinje Kumtunda: Abale mwa Khristu a ku Ndirande

Olemba mbiri ya mipingo m'dziko muno ali ndi chizolowezi chimodzi: amayambira ku Ulaya, natsata mmishonale mpaka pamene anamanga msasa. Tikayesa njira imeneyi pa Mpingo wa Abale mwa Khristu wa ku Ndirande, tiona kuperewera kwake.

Mzere wake ndi wosavuta kuulondola. Mu 1525 ku Zürich kunabuka anthu okana ubatizo wa makanda, ndipo Menno Simons, wansembe wa Eklezia Katolika, anawatsata mu 1536. Abale mwa Khristu, amene ndi a banja lomwelo, anayambira ku Pennsylvania, nafika ku Matopo m'dziko la Zimbabwe mu 1898, ndi ku Macha m'dziko la Zambia mu 1906. Zonsezi nzoona, koma sizilongosola Ndirande. Kumeneko sikunafike mmishonale wodzagula malo. M'zaka za m'ma 1980 kagulu kopemphera, motsogozedwa ndi Abusa Sani Selemani Chibwana, ndiko kanaitana Abale a ku Zimbabwe kuti adzakalandire. Woyambitsa anali woitanayo, osati woitanidwa. Mbiri yoika Zürich patsogolo imasandutsa eni nkhani kukhala olandira chabe.

Funso loyenera ndi ili: kodi munthu wosiya mudzi, wokhala m'nyumba ya lendi pakati pa alendo anzake, ankafunanji? Ife tiganiza kuti ankafuna chibale: mpingo womudziwa dzina, wobwera pa maliro ake. Chiphunzitso cha Abale, cha ubatizo wa munthu wovomera yekha, kusambitsana mapazi ndi kukana nkhondo, chinapeza ludzulo lilipo kale.

Pa ubatizo tisiyana nawo ndithu, pakuti chaulere cha Mulungu sichidikira kuti mwana ayambe walankhula. Komabe mawu onyoza akuti "timipingo" sayenera pakamwa pa wansembe. Kodi si ludzu lomwelo limene maepiskopi a AMECEA analiona mu 1973 ndi 1976 polimbikitsa miphakati? Ndipo kuyambira 1998 mpaka 2003 Vatican inakambirana ndi Amenonaiti za kukhala pamodzi odzetsa mtendere.

Wophunzira unsembe adzifunse: m'parishi ya anthu zikwizikwi, ndani adziwa kuti mkhristu wa kuseri kwa msika wa Ndirande wagona ndi njala? Ngati palibe, mbiri ya Abale ikutizenga mlandu ifeyo.