Wina Adandaule, Wina Avomere

Dzina loti jazz lafala kwambiri m'mizinda yathu. Mahotela amalengeza kuti Lamulungu masana kuli jazz, ndipo anthu amapitako atatchena, n'kukhala pamthunzi akudya nyama yootcha, kwinaku akukamba za ndale ndi mitengo ya zinthu. Oimba amakhala pakona, akuliza nyimbo zofewa zoti zisasokoneze macheza. Ndilibe nawo mlandu anthu opuma Lamulungu, pakuti inenso ndine wantchito m'boma wodziwa kutopa kwa sabata yathunthu. Chondivuta n'chakuti dzina la nyimbo zimene zinabadwira m'masautso a anthu osauka lasanduka dzina la kaphokoso kodyera chakudya.

Ndamvera jazz ndi blues kwa zaka zoposa 30. Ndinayambira pa wailesi ya bambo anga, imene usiku inkagwira Voice of America. Kumeneko kunali mkulu wina dzina lake Willis Conover, wolankhula Chingerezi pang'onopang'ono, amene anaulutsa pologalamu ya jazz kuyambira 1955 mpaka imfa yake mu 1996. Kenaka kunabwera makaseti obwerekana, ndipo lero zonse zili pa intaneti. M'zaka zonsezi muyeso wanga wa nyimbozi wakhala umodzi. Ndimafunsa kuti, kodi m'nyimbomu muli munthu amene ali ndi chomutsamwitsa pakhosi? Nanga alipo wina amene akumumvera ndi kumuyankha? Zinthu ziwirizi jazz inazitenga kwa blues, ndipo zikasowa, chotsalacho ndi chikomekome cha mkuyu basi.

Kuti timvetse, tiyambe ndi kwawo kwa nyimbozi. Ukapolo unatha ku America mu 1865, koma anthu akuda a zigawo za kummwera, makamaka ku Mississippi, anatsalabe m'minda ya thonje ya azungu. Ankalima munda wa mwini, n'kumatenga chakudya ndi mbewu pangongole, ndipo pokolola ambiri ankapezeka kuti ngongole yaposa zokolola. Amene anaonapo moyo wa matenanti m'minda ya fodya sangavutike kumvetsa zimenezi. M'moyo woterewu ndi mmene blues inamera. Woimba wina wophunzira, W.C. Handy, anasimba kuti cha m'ma 1903 akudikira sitima pa siteshoni ya Tutwiler, anamva munthu wausiwa akuimba, uku akuseretsa mpeni pa nsambo za gitala kuti zilire ngati mawu a munthu. Makampani ojambula nyimbo anachedwa kuzindikira za chumachi. Chimbale choyamba chotchedwa cha jazz chinajambulidwa mu 1917 ndi gulu la azungu, Original Dixieland Jass Band. Mpaka mu 1920, pamene Mamie Smith anajambula "Crazy Blues" ndipo anthu akuda anaigula mwaunyinji, m'pamene amalonda anatsegula maso.

Kapangidwe ka blues n'kosavuta. Ndime imakhala ndi mizere itatu. Woimba amanena dandaulo lake mumzere woyamba, amalibwereza mumzere wachiwiri, kenaka mumzere wachitatu amaliyankha, nthawi zambiri mwanthabwala kapena mokhadzula. Ndime yonse imagawidwa m'timagawo 12 tofanana, tinayi pa mzere uliwonse. Chinsinsi chake chili apa: mawu a woimba amangodzaza pafupifupi theka la mzere, theka linalo limasiyidwa dala kuti gitala, lipenga kapena piyano ivomere. Ndiye kuti ngakhale woimbayo akhale yekhayekha pakhonde, m'nyimbomo mumakhala awiri. Ife amene tinakula tikumva amayi pamtondo, wina akuyambitsa nyimbo yodandaula za mwamuna woledzera kapena apongozi ovuta, anzake n'kumavomera misi ikugunda, tikudziwa kuti dandaulo lovomeredwa limapepuka. N'chifukwa chake sindigwirizana ndi amene amati blues ndi nyimbo zachisoni. Chisoni chilimo, inde, koma nyimboyo ndi njira yochisenzera kuti chisamuphe munthu.

Amene akufuna kumva zimenezi ndi makutu ake ayambe ndi "St. Louis Blues" monga anaijambulira Bessie Smith mu January 1925. Pambali pake panali mnyamata wa zaka 23, Louis Armstrong, ndi lipenga lake, komanso limba lopopa ngati la m'tchalitchi cha kumudzi. Mayiyu akamaliza mzere, lipenga limalowa pampata paja. Silibwereza zimene wanena, ndiponso silimulanda nkhani. Nthawi zina limamutonthoza, nthawi zina limakhala ngati likumufunsa kuti apitirize. Armstrong anali kale katswiri woti akanatha kuonetsa luso lake lonse, koma anadziletsa chifukwa nkhani inali ya mnzake. Kwa ine kudziletsa kumeneku ndi phunziro loyamba la jazz.

Patapita zaka zitatu, mu 1928, Armstrong anajambula "West End Blues" ku Chicago. Ambiri amatama chiyambi chake, pamene lipenga limalira lokha kwa kamphindi, kutsika ndi kukwera ngati mbalame yothawa msampha. Ine chimene chimandigwira mtima chili pakati. Chitoliro cha clarinet chimaimba kamzere motsitsa, ndipo Armstrong amachiyankha ndi pakamwa, popanda liwu lililonse la tanthauzo. Chakumapeto amagwira liwu limodzi lokwera kwa timagawo pafupifupi tinayi osalisiya, kenaka n'kulimasula kuti ligudubuzike. Zonsezi zikuchitika m'mphindi zitatu zokha, pakuti zimbale za nthawiyo sizinkalola kupitirira apo.

Ena amanena kuti jazz itakula inasiya blues, n'kusanduka nyimbo ya anthu ophunzira. N'zoona kuti m'zaka za m'ma 1940 Charlie Parker ndi Dizzy Gillespie anabweretsa kaimbidwe kothamanga ndi kolukanalukana kotchedwa bebop, kamene sikanali kovinira. Komatu Parker anakulira ku Kansas City, mzinda umene blues inkalira usiku wonse. Mverani "Parker's Mood" ya mu 1948. Ndi blues ya timagawo 12 yoyenda pang'onopang'ono, ndipo munthu amene ankatha kuthamangitsa zala kuposa wina aliyense akulankhula pa sakisofoni yake ngati wofotokoza zovuta pa bwalo la amfumu. Chimodzimodzinso chimbale cha Miles Davis cha mu 1959, Kind of Blue, chimene ambiri amachiyesa chiyambi cha njira yatsopano. Mwa nyimbo zake zisanu, ziwiri, "Freddie Freeloader" ndi "All Blues", ndi blues yeniyeni. Davis amaimba mawu owerengeka n'kusiya mipata ikuluikulu, ndipo m'mipatamo mumamveka piyano, besi ya Paul Chambers ndi ng'oma za Jimmy Cobb zikuvomera. Akatswiriwa anapita kutali, koma sanaiwale njira ya kwawo.

Umboni woposa wonse, kwa ine, ndi kanema wa mu December 1957 wa pologalamu yotchedwa The Sound of Jazz. Billie Holiday wakhala pampando, atazunguliridwa ndi oliza malipenga, akuimba blues yake "Fine and Mellow". Pakati pawo pali Lester Young, mnzake wakale amene anali atatalikirana naye kwa zaka, ndipo tsiku limenelo akuoneka wodwala. Nthawi yake itakwana amaimirira n'kuliza ndime imodzi yokha, mawu ochepa, opanda chodzionetsera. Kamera ili pankhope ya Holiday. Akugwedeza mutu pang'onopang'ono, akumwetulira, maso akulengeza misozi. Ena m'gulumo analiza mwamphamvu kuposa Young, koma ndime yake ndiyo imene anthu akuikambabe. Onse awiri anamwalira mu 1959, wina mu March wina mu July. Munthu akandifunsa kuti kumvera n'chiyani, ndimamuonetsa nkhope ya mayi ameneyu.

Dandaulo la m'nyimbozi silinali la chikondi chokha. Holiday yemweyo anaimba "Strange Fruit" mu 1939, yonena za anthu akuda amene ankapachikidwa m'mitengo ndi magulu a azungu, ndipo kampani imene inkamujambula inaikana, mpaka anakaijambulitsa ku kampani yaing'ono ya Commodore. Pa 15 September 1963 bomba linaphulika m'tchalitchi cha anthu akuda ku Birmingham, n'kupha atsikana anayi. Miyezi iwiri pambuyo pake John Coltrane anajambula "Alabama". Nyimboyi ilibe mawu, ndiponso siitsata timagawo 12 tija, koma mzimu wake ndi wa blues. Sakisofoni ikuyenda ngati mlaliki wa pamaliro, piyano ya McCoy Tyner ikunjenjemera pansi pake, ndipo chakumapeto ng'oma za Elvin Jones zimadzuka ngati mkwiyo umene unabisidwa. Nyimbo yotere siidyeredwa nyama yootcha.

Pali wovomera wachitatu amene sitiyenera kumuiwala, ndiye womvera. B.B. King, amene anayamba moyo wake akutola thonje ku Mississippi, anali ndi chizolowezi chosaimba ndi kuliza gitala nthawi imodzi. Ankaimba mzere, kenaka gitala yake, imene anaitcha Lucille, n'kuyankha. Pa chimbale cha Live at the Regal, chojambulidwa ku Chicago mu November 1964, khamu la anthu nalo likuyankha. Amayi akukuwa pamene mawu awakhudza, abambo akuseka pamene nthabwala yawalasa. Mutachotsa anthuwo, theka la chimbalecho lapita. Jazz ndi blues zimamupatsa ntchito womvera, sizimulola kukhala mlendo wongodyera.

Tsono ndi muyeso womwewu ndimapeza zolakwika ziwiri m'zambiri zimene zikutchedwa jazz. Choyamba ndi cha nyimbo zosalala zija zimene zinatchuka m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, zimene Kenny G ndiye anazigulitsa koposa. Sindikana kuti mkuluyu amaidziwa sakisofoni, ndipo amene amamukonda sanalakwire munthu. Koma m'nyimbo ngati "Songbird" sindimvamo wina woyankha. Oimba enawo ali ngati mkeka woyalidwa kuti mwini nyimbo ayendepo, ndipo palibe chimene chingamudzidzimutse. Cholakwika chachiwiri ndi cha akatswiri ophunzira kwambiri amene amadzaza mpata uliwonse ndi mawu othamanga. Amenewa ali ngati munthu wa pamsonkhano wa kuofesi amene amafunsa funso n'kuliyankha yekha. Woyambayo alibe dandaulo, wachiwiriyo alibe khutu.

Mwina wina anena kuti zonsezi n'za ku America, ife zikutikhudza bwanji? Ndisanamize munthu kuti blues inachokera kuno. Katswiri wa nyimbo Gerhard Kubik, m'buku lake la mu 1999 lotchedwa Africa and the Blues, anaonetsa kuti blues inabadwira ku America komweko, ngakhale kuti zina mwa zizindikiro zake, monga kupinda mawu ndi kuimba munthu mmodzi ndi choimbira cha nsambo, zimalozera kumadera a kuuma a kumadzulo kwa Africa. Chochititsa chidwi n'chakuti Kubik yemweyo anakhala zaka zambiri akuphunzira ndi kuimba pamodzi ndi a Kachamba a ku Chileka, Daniel ndi Donald, amene anakumana nawo mu 1967. Nyimbo zawo zinachokera ku kwela ya ku South Africa, imene nayonso inamwa madzi a jazz ya ku America. Ndipo pamene Alan Namoko, woimba wosaona wa ku Thyolo, anatcha gulu lake Chimvu Jazz Band, sanali kunyazitsa dzinalo. Banjo yake, mawu ake osasa ndi nkhani zake za ana amasiye zili pafupi kwambiri ndi mtima wa blues kuposa zofewa za m'mahotela. Sanatsate timagawo 12, koma anali ndi chomutsamwitsa, ndipo anali ndi omuvomera.

Choncho amene amati jazz ndi ya mabwana kapena ya anthu a madigiri akulakwitsa. Oiyambitsa ake ambiri sanapite patali ndi sukulu. Chimene nyimbozi zimafuna si ndalama kapena Chingerezi, koma nthawi, ndipo akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kwa oimba athu achinyamata amene akufuna kulowa m'chamba chimenechi, pempho langa n'lakuti asanaphunzire kuthamangitsa zala, ayambe aphunzira kusiya mpata ndi kudikira yankho la mnzawo. Kwa omvera anzanga, tengani nyimbo imodzi yokha, kaya ya Bessie Smith ndi Armstrong ija, muimvere katatu. Koyamba tsatirani woimba. Kachiwiri tsatirani lipenga lokha. Kachitatu mverani mmene awiriwo akupatsirana mpata. Mukatero mudzakhala ndi muyeso wanuwanu, ndipo simudzafunanso munthu ngati ine kuti akuuzeni jazz yabwino ndi iti.