Ofufuza Eni Mabuku

Kuno kwa Zingalume mudzapeza nkhalamba zimene zimakumbukabe Nthondo, buku la Samuel Josia Ntara lomwe linatuluka mu 1933. Koma mphunzitsi akafuna kulichulukitsa kuti ana a ku Chadiza aliwerenge, funso limamuimitsa: kodi bukuli likadali ndi mwini?

Amene amayankha funso lotere ndiwo ndikuwathokoza lero, antchito a m'malaibulale. Lamulo la Zambia la 1994 limati buku limatetezedwa moyo wonse wa wolemba, kuonjezapo zaka 50 atamwalira. Choncho nkhani yonse yagona pa chaka cha imfa. Ntara anamwalira mu 1976. Ameneyo ndi wodziwika. Nanga aphunzitsi aja amene analemba timabuku tachinyanja tosindikizidwa ndi bungwe la Northern Rhodesia and Nyasaland Publications Bureau? Ena dzina lokha ndilo latsala pachikuto. Wofufuza amatsegula makalata akale, amafunsa kumishoni, amalembera mnzake wosunga zakale ku Lusaka kapena ku Zomba, mpaka chaka chipezeke. Ndi ntchito yofatsa ngati kupeta mawere, ndipo ine ndimailemekeza kwambiri.

Ku America, yunivesite ya Michigan inayamba ntchitoyi mu 2008, kenako n'kumaigwira pamodzi ndi malaibulale ena a m'bungwe la HathiTrust. Laibulale imodzi ikatsimikiza za buku, imalemba poti anzake onse aone, wina asavutikenso pachabe. Ndikulakalaka kaundula wotere wa olemba Chinyanja, woti laibulale ya ku Chipata ithe kumutsegula mphunzitsi wathu akafika ndi buku lake losasuka.