Totoro ndi chimanga cha Mei

Anzanga, sabata ino ndasiya kaye mabuku, ndikambe za katuni. Inde katuni, musaseke. Dzina lake My Neighbor Totoro, ya ku Japan, yomwe Hayao Miyazaki wa Studio Ghibli anatulutsa mu 1988.

Atsikana awiri, Satsuki ndi mng'ono wake Mei, asamukira kumudzi ndi bambo awo kuti ayandikire chipatala chomwe mayi awo agonekedwako kwa nthawi yaitali. Pafupi ndi nyumba pali chimtengo chachikulu, ndipo m'menemo Mei akumana ndi Totoro, chinyama chaubweya, chonenepa, chongoyasamula ndi kubangula basi.

Ife amene tinakula ndi mafilimu a ku Nigeria pa Nchalo ndi pa Bangula, tikangoona nyumba yakale ndi gogo timati ufiti wayamba. Muno mfiti mulibe. Agogo oyandikana nawo amangopatsa anawo nkhaka za m'dimba mwawo. Mei atafotokoza zomwe waona, bambo ake sanamunene kuti ndi wabodza. Anatenga ana onse awiri kukaweramira mtengowo ndi kuuthokoza. Munthu wa ku Nsanje sangadabwe nazo, si ku Khulubvi kwa Mbona nakonso mitengo sadula?

Koma pomwe filimuyi yandigwira mtima ndi pa chimanga. Uthenga utabwera woti mayi sabwera kunyumba monga anayembekezera, Mei akumbatira chimanga chimodzi chachiwisi nkuuyamba yekha wa kuchipatala, poganiza kuti mayi akadya achira. Mwana uja asochera. Padziwe papezeka nsapato ya mwana, mudzi wonse uli m'madzi kufufuza ndi nsungwi. Amene munaona madzi a Freddy mu 2023, pamenepa simudzapuma bwino. Ine ndimagwira chimanga tsiku ndi tsiku pamsika, kuwerenga milu, koma cha Mei ndinachiyang'ana ngati mankhwala enieni.

Chodandaula ndili nacho. Basi yomwe ndi mphaka ija, yokoma m'maso ndithu, impeza Mei mosavuta kwambiri, ngati kabaza wodziwa njira zonse. Komabe Miyazaki sananamize ana: Totoro sachiritsa munthu. Atsikanawo angokhala pamtengo kunja kwa chipatala, kuona mayi awo akuseka pabedi, nkusiya chimanga chija pawindo. Mayi abwerera kwawo pambuyo, m'zithunzi za kumapeto mayina akudutsa, choncho musafulumire kuzimitsa foni.