Diso la katswiri ndi masamu a makina pa tchesi ndi bawo

Masewera a tchesi ndi bawo, limene asodzi a ku Senga Bay ndi ku Chipoka amakhalira pamthunzi masana podikira kukalowa panyanja usiku, luso lake lagona pa kusankha njira imodzi pakati pa zambiri, ndipo apa mpamene munthu ndi makina amasiyana kwambiri.

Injini ya tchesi, imene ndi pulogalamu ya pakompyuta yodziwa kusewera, imalondola njira zambirimbiri pamodzi ndi mayankho ake mpaka patali, nkupereka nambala ku kaimidwe ka bolodi kalikonse, kenaka nkusankha njira ya nambala yabwino poganiza kuti mdani sadzalakwitsa ngakhale kamodzi. Deep Blue ya kampani ya IBM, imene inagonjetsa katswiri wa tchesi Garry Kasparov ku New York mu May 1997, inkayeza makaimidwe pafupifupi 200 miliyoni pa sekondi, ndipo m'masewero achiwiri inakana nyambo imene Kasparov anaitchera, mpaka iye anakayikira kuti kuseri kwa makinawo kunali munthu.

Katswiri amene ndi munthu sawerenga chotero. Adriaan de Groot, wofufuza wa ku Netherlands, anaonetsa m'buku lake la 1946 kuti akatswiri a tchesi sapita patali kwambiri poyerekeza ndi osewera apakatikati, koma diso lawo limagwera msanga pa njira ziwiri kapena zitatu zoyenera, chifukwa kaimidwe kotero anakaonapo kambirimbiri. Zina zonse amazitaya osaziyesa nkomwe, ndipo kutayako, kumene makina akale ankalephera, ndiko mtima wa luso.

Bawo limaonetsa zimenezi poyera kuposa tchesi. Bolodi lake lili ndi maenje 32 m'mizere inayi ndi nkhomo 64, ndipo nkhomo yomaliza ikagwera m'dzenje lomwe muli kale nkhomo, dzanja limatolanso nkupitiriza kufesa, mwina kuzungulira kangapo lisanagone, kotero kuti kusuntha kumodzi kumasintha bolodi lonse. Wosewera amaweramira bolodi, milomo ikugwedera, chala chikuyenda m'malere pamwamba pa maenje osawakhudza, akusunga m'mutu nkhomo zimene sizinasunthe nkomwe. Alexander de Voogt, amene anafufuza akatswiri a bawo ku Zanzibar nasindikiza zotsatira zake mu 1995, anaika chidwi chake pa malire a ubongo pa kuwerenga kotereku. Kwa kompyuta ntchito imeneyi ndi yopepuka, ndipo awari, masewera a mtundu womwewu a kumadzulo kwa Africa, anatheratu kuwerengedwa ku Amsterdam mu 2002 ndi John Romein ndi Henri Bal, amene anapeza kuti onse awiri akapanda kulakwitsa palibe wopambana.

Komabe pali chimene makina sawerengera. Msodzi amene wasewera ndi mnzake zaka khumi amadziwa kuti mnzakeyo sapirira akaona nkhomo zoti adye, choncho amatakata mwadala pomwe panali njira yotetezeka, nkumusiyira ziwiri kuti amulande khumi. Injini ingaitche njira imeneyi yofooka, ndipo mwamasamu singalakwe, koma kugombe wopambana ndi iyeyo. Wachinyamata wa ku Salima amene ali ndi injini ya tchesi ya Stockfish pafoni apindula nayo pokhapokha akayamba wasankha yekha njira yake, nkufunsa makinawo pambuyo.