Dzanja pa Mbale ku Paradise Garage

Pa nambala 84 King Street mumzinda wa New York panali chinyumba choimikamo magalimoto. Michael Brody anachisandutsa malo ovinira otchedwa Paradise Garage, ndipo kuyambira 1977 mpaka 1987 mwini zimbale (DJ) kumeneko anali Larry Levan. Mowa sunkagulitsidwa. Ankalowa ndi mamembala ndi alendo awo, ambiri mwa iwo anthu akuda ndi ochokera m'mabanja a ku Latin America, makamaka amuna okonda amuna anzawo, omwe kumalo ena achisangalalo sankalandiridwa ndi manja awiri. Anthu otere akapeza pawo safuna kuti gule adukize. Ntchito ya Levan inali yakuti nyimbo isaduke kuyambira pakati pa usiku mpaka dzuwa litakwera.

Taonani mmene manja amachitira. Mbale imodzi ikulira m'masipika, anthu akuvina. DJ amaika ina pa makina achiwiri, n'kuimvera yekha pa hedifoni ya khutu limodzi, khutu linalo lili kubwalo. Pansi pa mbale yatsopanoyo pamakhala kansalu kofewa kozungulira. Chala chikagwira mbale m'mphepete, mbaleyo imaima koma chitsulo chapansi chimazungulirabe, moti akangochotsa chala nyimbo imanyamuka pomwepo ndi liwiro lake lonse. Njira imeneyi anaitchukitsa m'makalabu ndi Francis Grasso, mnyamata wa ku Brooklyn wa makolo a Chitaliyana, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960.

Kenako pamabwera kuwerenga. Nyimbo zambiri za disiko zimagunda pafupifupi ka 120 pa mphindi, ndipo kugundako kumayenda m'magulu: kanayi kanayi, mpaka 32, pomwe nthawi zambiri pamalowa chida china kapena mawu a woimba. DJ amadikira mutu wa gulu lotere, n'kumasula chala. Akaphonya pang'ono, ng'oma ziwirizo zimamveka ngati akazi awiri osinja mumtondo umodzi amene misi yawo yayamba kuombana. Kusiyana kwa kugunda kuwiri kokha pa mphindi n'kokwanira kuti pakatha masekondi 30 mbale ina ikhale itatsogola ndi kugunda kwathunthu. Ndiye dzanja lina limakhala pa kachitsulo kosinthira liwiro, lina likukankha mbale pang'ono kapena kuikhudza m'mbali kuti ifatse. Chimene chimandigometsa n'chakuti ng'oma za m'nyimbo zambiri za disiko zinkaimbidwa ndi anthu, osati makina. Woimba ng'oma amafulumira akatenthedwa, amabwerera akafika pofatsa, ndipo DJ amayenera kumutsatira mpaka mbale yakale itazimiririka.

Mbale yomwe inali m'manja mwa Levan inali ndi amisiri akenso. Tom Moulton, pamodzi ndi José Rodriguez wodula zimbale, anapeza kuti nyimbo imodzi ikapatsidwa mbali yonse ya mbale ya mainchesi 12, mizere yoyendamo singano imatakasuka ndipo besi imatuluka yonenepa. Mu 1976 kampani ya Salsoul inatulutsa mbale yoyamba yotere yogulitsa m'sitolo, imene Walter Gibbons anaitalikitsa kuti ng'oma zikhale ndi malo oyenda zokha. Malo amenewo ndiwo khomo lolowetsera nyimbo ina.

Mawu akachoka pa singano ankafika m'manja mwa Richard Long, amene anamanga masipika a mu Garage. Iye anagawa phokoso m'zigawo: besi m'mabokosi akuluakulu pansi, mawu osongoka m'timasipika tolendewera kudenga. Zowongolera zigawozi zinali pafupi ndi Levan. Ankatha kuchotsa besi yonse, anthu n'kutsala ndi liwu la woimba lokha, kenako n'kuibweza nthawi imodzi ikagunda pamtima. Izi sizichitika ndi maso ali pa makina. Bwalo la anthu osiyana limafuna kuliyang'ana: ena anakulira m'kwaya ya tchalitchi, ena m'nyumba zolira salsa, ena akudikira rock kapena reggae. Levan ankaika zonsezo usiku umodzi, ndipo luso linali kudziwa kuti ndi nyimbo iti imene ingakokere gulu lina pakati popanda kukhazika pansi gulu linzake. Kwa ine apa ndiye povuta kuposa kulunzanitsa ng'oma, chifukwa palibe nambala yowerenga.

Mnzake wa Levan wa paubwana, Frankie Knuckles, anapita ku Chicago mu 1977 kukaimba ku Warehouse, kalabu ya Robert Williams. Zimbale zatsopano za disiko zitayamba kusowa, iye ndi Erasmo Rivera anatembenukira ku tepi ya pa mawilo awiri. Ankajambula nyimbo yakale, n'kuyendetsa tepi ndi manja uku ndi uku pa mutu wa makina mpaka atamva pomwe ng'oma yayambira. Pamenepo ankalemba chizindikiro, kudula ndi lezala, n'kulumikiza zidutswazo ndi kapepala komata, kuti chigawo chimene anthu amachikonda chibwere kawiri kapena katatu. Lezala ikapatuka pang'ono chabe, phazi la wovina limadziwa, ndipo ntchito imayambiranso.