Za Kukaona Tchalitchi Chachikulu cha ku Limbe

Abale athu a kumidzi akafika ku Blantyre, ambiri afulumira kukaona nyumba ya St Michael and All Angels, imene David Clement Scott wa Mpingo wa Scotland anaimanga pamodzi ndi amisiri a dziko lino, kuyambira 1888 kufikira 1891. Achita bwino, pakuti ili yokoma ndithu m'maso. Koma ife a ku Chilomoni tinena kuti ulendo wao sunathe ngati sanapitirire ku Limbe, kumene kuli tchalitchi chachikulu cha Akatolika, chotchedwa dzina la Maria Amai a Nzeru. Ndipo tili nao mau pa kaonedwe kamene anthu aonera nyumba zotere.

Taonani mlendo wa masiku ano. Aima pabwalo, natukula lamya yache, najambula khoma ndi mtanda, nachoka. Wotereyo waona chikopa cha ng'oma, koma kulira kwache sanakumve.

Pakuti ulemu wa nyumba iyi uli m'mbiri yache. Ansembe a chipani cha Montfort anafika m'dziko muno mu 1901, nayamba ntchito ku Nzama, kwa mfumu Njobvuyalema. Pambuyo pache anamanga ku Nguludi, ndipo misyoni imeneyo inatenthedwa mu 1915, pa nkhondo ya John Chilembwe. Kotero Mpingo uwu sunalowe m'mzinda wa Azungu mwa mtendere wokha. Mu 1959 Blantyre inakhala mpando wa Arkiepiskopi, ndipo mu 1967 James Chiona anakhala mwana woyamba wa dziko lino kuukhalira. Papa John Paul II analowa m'tchalitchi ichi mu 1989. Tsono pa 8 Marichi 1992 kalata ya Maepiskopi, yodzudzula chosalungama m'boma la chipani chimodzi, inawerengedwa m'matchalitchi onse a Katolika. Ndipo mu 1993 anthu anasankha zipani zambiri. Iye wodziwa izi sangathe kulowamo monga alowa m'sitolo.

Komatu pali chilema m'mbiri imene tiisimba, ngakhale ife eni ache. Maina a ansembe ochokera kutsidya kwa nyanja tiwatchula bwino, monga Episkopi Louis Auneau, ndipo kuyenera kutero. Nanga iwo amene anaumba njerwa, nasenza mitengo? Nanga amai amene anatunga madzi a dothi, ndi aphunzitsi amene anayenda pansi m'midzi kuphunzitsa katekisimu? Makolo anati mutu umodzi susenza denga. Koma ife tisimba monga ngati denga lonse linasenzedwa ndi mitu iwiri kapena itatu. Chifukwa chache ana athu ayesa tchalitchi chakale chinthu cha alendo, chimene makolo ao anangochiona ndi maso. Mwana woyesa chotero sadzachisunga chikayamba kudontha.

Tsono mukapitako, khalani pansi poyamba, nimupemphere. Pamenepo funani nkhalamba ya pamalopo, muifunse za anthu ao. Ndipo pobwerera kwanu chitani chomwecho pa kachisi wanu wa kumudzi. Ifenso kuno tili nayo St James, ndi Njira ya Mtanda yokwera phiri la Michiru. Ena amene anagwira ntchitozo akali moyo. Tilembe maina ao m'buku la mpingo chaka chino, asanatisiye.